Muvi Wagona Pofiira

Pa Dyeratu muvi wa geji unali pakati,
pa mlatho wa Shire unayamba kupendekeka,
pofika pa Thabwa, chitunda chisanayambe n'komwe,
unagona pofiira, psuu.
Ndinapatuka, n'kuzimitsa.
Pansi pa boneti ketulo ikubwata yokha
popanda woitanidwa ku tiyi.

Okutobala wa kuchigwa safunsa dzina.
Phula likumata kunsi kwa silipasi,
mbuzi khumi ndi ziwiri za ku Ngabu
zikuwefuka kumbuyo, malilime panja,
mwini wake Nyakhuwa akuwerenga maola pa zala:
wogula wa ku Ndirande sadikira munthu.

Fole anathamangira chivindikiro cha rediyeta,
kansanza m'manja.
Ndinamugwira pamkono.
Ona chipsera ichi, mwana iwe,
kuyambira pachigongono mpaka pachala chachikulu.
Ndinachigula ku Bangula ndi phuma ngati lakolo.
Injini yokwiya satsegula pakamwa.

Tinakhala pansi pa msangu
mpaka chitsulo chinaleka kung'ung'udza.
Mayunitsi otsala ndinaimbira Zuze wa ku Nchalo,
amene amamva matenda a galimoto
ikadali kuseri kwa munda wa nzimbe.

Madzi alimo? Atsika pang'ono.
Lamba? Ngwolimba, sakulira.
Solola oyilo, anatero,
akaoneka ngati tiyi wamkaka
gasiketi yapita, uyambiretu kulira.
Ndinasolola mtima uli m'mwamba.
Wakuda bii. Sindinakondepo mdima chonchi.

Ndiye liza, uyang'ane fani.
Ndinaliza. Muvi unakwera.
Fani ili duu, mapiko asanu,
ngati mlendo wokana kuvina paukwati.

Fyuzi ndinaiyang'ana padzuwa:
kachingwe kake kali bwinobwino.
Lileyi ndinasinthanitsa ndi ya hutala,
hutala inalira, mbuzi zinayankha,
fani osagwedezeka.
Fole anakoka mawaya awiri kuchokera ku batire,
kungokhudza, fuuu!
mphepo inamuulutsira fumbi m'maso.
Ili moyo! Ili moyo, abwana!

Moyo ili nawo, anatero Zuze,
koma uthenga sukuifika.
Tsata waya monga utsatira mapazi a ng'ombe yosokera.
Foni inaduka pamenepo.

Ndinagona chagada pa miyala yotentha,
chala chikuyenda m'mdima,
kudutsa pansi pa nyali, kuseri kwa chitsulo,
kufikira chinagwa m'chinthu chofewa:
thonje lopotedwa bwino, makoko a mtedza,
ndi waya wodulidwa ndi mano ang'onoang'ono.
Mausiku atatu aja ku Miseu Folo
nditaimika pafupi ndi mabelo a thonje,
wina anapeza nyumba yofunda yopanda lendi.

Nyakhuwa anaseka mpaka kugwira nthiti.
Galimoto yonseyi, matayala anayi,
yagonja kwa khoswe?

Ndinasenda waya ndi mano anga,
mano kubweza zimene mano anawononga,
n'kumanga ndi mphira ya chubu chakale.
Fole anapukusa zipsepse za rediyeta ndi nthenga ya nkhuku,
phulusa la nzimbe likugwa ngati mwaye.
Madzi athu akumwa tinathira onse,
pang'onopang'ono, injini ikulira,
ife tikumeza malovu.

Muvi utafika pakati,
china chake chinati tcha,
fani inadzuka yokha, osaipempha.

Tinakwera Thabwa ndi giya yachiwiri,
hita ili pamapeto kuti iyamwe moto wa injini,
mawindo pululu, thukuta likutsikira m'makutu.
Pakona yachisanu Fole anati tayang'anani kumbuyo,
Shire yense akuoneka, ndi minda yobiriwira.
Sindinacheuke.
Diso langa linali pa kamuvi kaja,
ndipo mpaka lero,
ngakhale m'galimoto ya eni,
ndimayamba kupatsa moni geji,
kenako dalaivala.